Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere

Akuluakulu amanena mwambiwu pochenjeza wokopeka ndi maonekedwe: nkhuyu imapsa bwino kunja, koma usanadye uyambe waing'amba. Ine ndimaumva ukunenanso za thupi la mwana, limene sungaling'ambe kuti uone mkati.

Mu 1958 dokotala Denis Burkitt, ali ku Uganda, analemba za khansa yotupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 anayendera zipatala za maiko angapo, Nyasaland yomwe, napeza kuti matendawa amakonda madera otentha ndi achinyezi, komwenso malungo amavuta. Midzi yozungulira Kuti, kufupi ndi nyanja ku Salima, ndi yoteroyo.

Chotupa cha pansagwada mayi amachiona msanga. Koma khansayi imatupitsanso m'mimba, ndipo chotupa cha m'mimba ndiye chimabisala. Mimba ikamakula, kunyumba amati ndi njoka kapena kapamba. Apa mpamene makina ounikira a ultrasound amathandiza. Dokotala amapaka mafuta ozizira pamimba, nkuyendetsa kachipangizo pang'onopang'ono, ndipo impso, chiwindi ndi chotupacho zimaonekera pagalasi popanda mpeni.

Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anatha zaka akufufuza chithandizo chotchipa, cha mankhwala ngati cyclophosphamide, chimene ana ofooka angathe kuchipirira. Ofufuza otere ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa ana enieni anabwerera kwawo amoyo.

Chondidetsa nkhawa ndi mtunda. Khansayi imakula m'masiku ochepa chabe, pomwe kholo la ku Kuti liyenera kupeza kaye ndalama ya minibasi yopita kuchipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100.