Kodi Bodza la Pabajeti Amalipira Ndani?

Pa wailesi za kanema zakunja pamaoneka mapologalamu a anthu amene amagula nyumba zakale, n'kuzikonza, kenaka n'kuzigulitsa kuti apeze phindu. Imodzi mwa mapologalamu otere ndi Flip or Flop ya ku America, yomwe inkaonetsedwa pa HGTV kuyambira 2013 mpaka 2022. M'mphindi 30 zokha nyumba imagumulidwa, imamangidwanso, imapakidwa penti, ndipo wogula amapezeka. Woonera amatsala ndi maganizo akuti kukonza nyumba ndi ntchito yopepuka. Komatu ntchito ya miyezi ingapo ikapanikizidwa m'theka la ola, zambiri zimatsala kuseri: masiku odikira, chiwongoladzanja cha ngongole ndiponso thukuta la amisiri.

Malonda oterewa si achilendo kuno kwathu. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation m'chaka cha 1968, ndipo Lilongwe adakhala likulu la dziko mu 1975. Nyumba zambiri za ku Area 10, pafupi ndi City Centre, zidamangidwa m'nyengo imeneyo pa malo otakasuka, kuti muzikhala akuluakulu a boma ndi akazembe. Lero nyumba zoyambazo zili ndi zaka pafupifupi 50. Poti malowo ndi osiririka, anthu ena amazigula n'kuzikonza kuti azigulitse kapena kuzichititsa lendi, pomwe zina zimasanduka maofesi ndi malo ogona alendo.

Tsono nyumba yokalamba ili ngati munthu wodwala mwakayakaya: matenda ake enieni saonekera kunja. Mmisiri akakwera kudenga amakapeza mitanda itadyedwa ndi chiswe ndiponso malata atachita dzimbiri. Akakanganula pulasitala amapeza mng'alu wotsika mpaka kumaziko. Mawaya a magetsi amakhala atatha, ndipo mapaipi a madzi amakhala akudontha pansi pa simenti. Choncho bajeti yoona imawerengera zonsezi, pamodzi ndi malipiro a amisiri, mayendedwe a katundu kuchokera kumasitolo a ku Old Town, mlonda wausiku ndi ndalama zolipira kukhonsolo ya mzinda ngati pulani ya nyumba isinthidwa. Akatswiri a zomangamanga amalangizanso kuti pakhale ndalama yapadera, mwina K10 kapena K20 pa K100 iliyonse, yodikira zadzidzidzi. Langizo limeneli si lachabe. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mitengo ya simenti, malata, penti ndi matailosi idakwera, kotero kuti bajeti zambiri zidatha ntchito ili pakati.

Apa ndi pamene nkhani ya masamu imasanduka nkhani ya chikumbumtima. Munthu akalemba bajeti yochepa mwadala, mtengo weniweni wa ntchito suchepa ayi. Ndalama zimene wabisa papepala zimadzatuluka ndithu m'thumba la munthu wina. Funso ndi lakuti: munthu ameneyo ndani?

Woyamba kulipira amakhala mmisiri ndi womuthandiza. Awa ndi anthu amene amalawira mbandakucha kuchokera ku Kauma kapena ku Mtandire, ena wapansi, ena panjinga. Ndalama zikatha, sitolo siingongoza simenti, koma mmisiri amauzidwa kuti abwerenso mawa. Mawa limenelo limatha miyezi, ana ake akugona ndi njala.

Wachiwiri ndi wogula kapena wochita lendi. Pofuna kupulumutsa phindu, mwininyumba amamata mng'alu ndi pulasitala, amabisa mitanda yofumbwa ndi siling'i yatsopano, ndipo amapaka penti yowala. Wogula akalowa amangoti laponda lamphawi. Koma mvula ya mu January ikayamba, denga limadontha ndipo khoma limang'ambikanso pomwe paja. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Choopsa kwambiri n'chakuti mawaya otha atha kuyambitsa moto anthu ali m'tulo.

Wachitatu ndi mwiniwake. Iye amayamba wadzinamiza yekha asananamize ena, chifukwa mtima wofuna phindu sukonda kumva nambala zowawa. Mathero ake ndi ngongole yosatha, nyumba yosiyidwa panjira ndiponso mbiri yoipa.

Ena amatsutsa ganizo limeneli. Iwo amati malonda ndi malonda, ndipo wogula ali ndi maso ake oti aonere. Amatinso palibe munthu amene angadziwiretu zimene zili m'kati mwa khoma kapena tsiku limene kwacha idzagwe. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona. Komabe pali kusiyana pakati pa kulakwitsa ndi kunama. Wolakwitsa amawerengera mokhulupirika, ndipo zinthu zikasintha amaitana amisiri n'kuwauza zoona, kapena amachepetsa ntchito: amasiya matailosi okongola n'kuyamba wakonza denga. Wonama amadziwa chilema koma amachiphimba. Za maso a wogula, yankho lake n'lapafupi: maso saona kuseri kwa penti. Amene wadziwa chobisika ndiye ali ndi udindo wochiulula, pakuti mnzake akupereka ndalama modalira mawu ake.

Phindu palokha si tchimo. Munthu amene waukitsa nyumba yakugwa wachita ntchito yabwino, ndipo ayenera kudya thukuta lake. Koma phindu loyera ndi limene latsala aliyense atalandira zake: mmisiri malipiro ake, wogula nyumba yolimba, ndi khonsolo ndalama zake. Likapezeka pomana ena, limenelo si phindu koma kuba kovala jekete.

Achinyamata amene ali pasukulu lero ndiwo adzakhale eninyumba, amisiri ndi owerengera mitengo ya zomangamanga. Pologalamu ya pakanema imatha nyumba ikagulitsidwa, koma moyo wa wogula m'nyumbamo umayamba tsiku lomwelo. N'chifukwa chake wolemba bajeti ayenera kukumbukira anthu amene adzagone pansi pa dengalo. Walira mvula walira matope: wofuna phindu la nyumba yakale avomerenso mtengo wake wonse.