Kodi Mudzakhalabe Wobiriŵira Kutentha Kutadza?

Nkhani yozikidwa pa Yeremiya 17:5-8.

MUNTHU wochoka ku Yerusalemu kumka kum'maŵa samayenda mtunda wautali asanaone dziko likusintha. Minda ya azitona imatha, udzu umatha, ndipo patsogolo pake pamangotsala zitunda zotuŵa zotsetserekera ku Nyanja Yakufa. Chimenechi ndicho chipululu cha Yudeya. Mitambo yochokera ku Nyanja ya Mediterranean imagwetsa mvula yake pamapiri a kumadzulo, ndipo pofika tsidya linalo imakhala ilibenso madzi. Chotero pamene kuli kwakuti Yerusalemu amalandira mvula yoposa mamilimita 500 pachaka, magombe a Nyanja Yakufa, pamtunda wa makilomita ngati 25 okha, amalandira mamilimita 100 kapena ocheperapo.

2 Kumeneko mvula imagwa m'nyengo yachisanu. Kuyambira cha m'May kufikira m'September imaleka. M'July ndi August, kutentha m'chigwa cha nyanjayo, chimene chili pansi kuposa nyanja zazikulu ndi mamita oposa 400, kaŵirikaŵiri kumafika madigiri 40 Celsius. Kuchiyambi ndi kumapeto kwa chilimwe kumaomba mphepo youma ya kum'maŵa, imene imafotetsa msipu m'masiku oŵerengeka. Munthu woyenda padzuŵa lotero angataye madzi oposa lita imodzi pa ola limodzi mwa thukuta lokha.

1, 2. Kodi chilimwe cha m'chipululu cha Yudeya nchotani?

3 Mneneri Yeremiya analidziŵa bwino dziko limeneli. Kwawo kunali ku Anatoti, mudzi wa pamtunda wa makilomita ngati 5 kumpoto koma chakum'maŵa kwa Yerusalemu, kumene minda imalekezera ndi chipululu chimayambira. (Yeremiya 1:1) Iye anaonanso chilala chimene chinabweza antchito ku zitsime ndi mitsuko yopanda kanthu, chimene chinang'amba nthaka, nichititsa nyama zakuthengo kusiya ana awo obadwa kumene. (Yeremiya 14:1-6) Mwa mneneri ameneyu Yehova anapereka fanizo la zomera ziŵiri. Kodi ilo limatiphunzitsanji ponena za kupirira ziyeso?

3. Kodi nchifukwa ninji Yeremiya anali wokhoza kumvetsa fanizo lonena za kutentha ndi chilala?

Zomera Ziŵiri, Dzuŵa Limodzi

4 Chomera choyamba ndicho chitsamba chokhala chokha panthaka youma ndi yamchere. Chimaimira munthu amene chidaliro chake chili pa anthu anzake ndi pa nyonga yaumunthu, amene mtima wake wapatuka kwa Mulungu. Chachiŵiri ndicho mtengo wobzalidwa pafupi ndi madzi, umene mizu yake yalondola mtsinje. Umenewu umaimira munthu wodalira Yehova. Masamba ake samafota, ndipo zipatso zake sizimasoŵa ngakhale m'chaka chimene mvula yakana.—Yeremiya 17:5-8.

4. Kodi zomera ziŵiri za m'fanizolo zimaimira yani?

5 Taonani mfundo imene ambiri amaiphonya. Fanizolo silimanena kuti mtengo wabwinowo udzabisika ku dzuŵa. Kutentha kumaufikira, ndipo chaka cha chilala chimaupeza pamalo ake omwewo. Mofananamo, Mulungu sanalonjeze atumiki ake kuti sadzadwala, sadzafedwa, kapena kuti sadzachotsedwa ntchito. Atumwi anauza ophunzira atsopano mosabisa kuti njira yoloŵera mu Ufumu wa Mulungu idzadzera m'masautso ambiri. (Machitidwe 14:22) Chotero Mkristu amene akuvutika sayenera kuganiza kuti Mulungu wamtaya. Chosiyanitsa zomera ziŵirizo sindicho ukali wa dzuŵa, koma kumene mizu yake ikutunga madzi.

5. (a) Kodi fanizolo silimalonjeza chiyani? (b) Kodi nchiyani chimene chimasiyanitsa zomera ziŵirizo?

6 Zimenezi zimaoneka kufikira lerolino kummwera kwa Yudeya, m'chipululu cha Negev. M'makhwaŵa amene madzi amayenda masiku ochepa okha pachaka mumaima mitengo yaminga ya mtundu wa mthethe, yokhala ndi masamba pakati pa chilimwe. Pamwamba pali mchenga ndi miyala yotentha, koma mizu yake inatsikira ku chinyontho chobisika pansi. Ambiri a ife amene tinapyola chilala cha 1992 kummwera kwa Afirika tikukumbukira anthu akufukula mchenga wa mtsinje wouma napeza madzi. Madziwo analipo, koma anawapeza okhawo amene anakumba.

6. Kodi mitengo ina ya ku Negev imapirira motani chilimwe?

Magwero Amene Amaphwa

7 Kodi Ayuda a m'tsiku la Yeremiya anatunga kuti? Pamene magulu ankhondo a Babulo anawopseza Yerusalemu, Mfumu Zedekiya anayang'ana ku Igupto kaamba ka akavalo ndi asilikali. (Ezekieli 17:15) Kwa kanthaŵi zinaoneka ngati nzeru, pakuti ankhondo a Farao atatuluka, Ababulo anachoka pamzindawo. Komabe, Aigupto anabwerera kwawo, Ababulo anadzanso, ndipo Yerusalemu anatenthedwa. Zedekiya anaona ana ake akuphedwa, ndiyeno anamkolowola maso.—Yeremiya 37:5-10, 39:6-8.

7. Kodi Zedekiya anadalira yani, ndipo panali chotulukapo chotani?

8 Yehova anali atatchula kale cholakwa chawo. M'dziko lopanda mvula kwa miyezi yambiri, anthu anali kugoba maenje m'thanthwe, kuwamata mkati, ndi kusungamo madzi amvula. Dzenje lotero likang'aluka, madzi anali kutha mwakachetechete, ndipo mwini wake anali kuzindikira tsokalo pamene ludzu linali litafika kale. Mulungu anati anthu ake anamsiya iye, amene ali ngati kasupe wosaphwa, nadzikumbira maenje ong'aluka otero. (Yeremiya 2:13) Nayenso Yobu anayerekezera mabwenzi ake ndi makhwaŵa odzala m'nyengo yachisanu koma ouma m'chilimwe, amene amalonda apaulendo amapatukirako ali ndi chiyembekezo nagwiritsidwa mwala.—Yobu 6:15-20.

8. Kodi ndi mafanizo ati amene amasonyeza ngozi ya kudalira zinthu zosakhalitsa?

9 Bwanji nanga za ife? Ntchito yolembedwa, ndalama zosungidwa, wachibale wolemera, thanzi labwino, zonsezi nzothandiza, ndipo nkoyenera kuziyamikira. Miyambo 6:6-8 imatamanda nyerere chifukwa cha kusonkhanitsa chakudya panthaŵi yake. Koma ntchito imatha, ndalama zimatsika mphamvu, ndipo wachibale amadwala kapena kumwalira. Ngati mtendere wathu wa mumtima wazikidwa pa zimenezi, udzaphwa pamodzi nazo. Ndiponso, munthu wodalira izo zokha amayesedwa kuchita chilichonse kuti asazitaye: kunama, kupereka chiphuphu, kapena kufunsira kwa obwebweta matenda atakula. Dzifunseni kuti: 'Kodi nchiyani chimene, nditachitaya lero, chingandichititse kuleka kutumikira Mulungu?' Yankho lake lidzasonyeza kumene mizu yanu yaloza.

9. Kodi tingadziŵe motani kumene chidaliro chathu chili?

Sungani Madzi Mvula Ikali Kugwa

10 Alimi akale a ku Negev angatiphunzitse kanthu. Pafupi ndi mabwinja a mzinda wa Avdat, kumene mvula ya chaka chonse imangokhala mamilimita ngati 100 kapena kucheperapo, iwo anali kulima minda m'zigwa. Motani? Anamanga ngalande m'mbali mwa zitunda ndi makoma aafupi amiyala opingasa zigwa, kotero kuti mvula yogwa pamalo aakulu kuŵirikiza nthaŵi ngati 20 kukula kwa munda inali kutsikira m'mundamo ndi kuloŵa m'nthaka. Mu 1959 katswiri wa zomera Michael Evenari ndi anzake anakonzanso munda wotero ku Avdat, ndipo mbewu ndi mitengo yazipatso zinakula ndi madzi amvula okhawo. Alimi amenewo sanayembekeze chilimwe kuti ayambe kumanga makoma. Ntchito inachitidwa mvula isanagwe.

10. Kodi alimi akale a ku Negev anakonzekera motani nyengo yotentha?

11 Chikhulupiriro nachonso chimamangidwa chiyeso chisanafike. M'fanizo la wofesa, Yesu anatchula mbewu zogwa pathanthwe lokhala ndi dothi lochepa. Zinamera msanga, koma dzuŵa litakwera zinapserera chifukwa cha kusoŵa mizu. Iye anafotokoza kuti ameneyo ndiye munthu wolandira mawu mokondwera, koma wokhumudwa pamene nsautso kapena chizunzo chabuka. (Mateyu 13:5, 6, 20, 21) Onani kuti dzuŵa limodzimodzilo limene linapsereza mbewuzo linakulitsa zimene zinagwa panthaka yabwino.

11. Kodi nchifukwa ninji mbewu za pathanthwe zinapserera?

12 Kodi tingazamitse motani mizu yathu? Choyamba, mwa kuŵerenga Baibulo tsiku ndi tsiku ndi kusinkhasinkha, ngakhale ngati ndi mavesi oŵerengeka okha mbandakucha tisanapite kumunda kapena kuntchito. (Salmo 1:1-3) Chachiŵiri, mwa pemphero lochokera mumtima, lotchula nkhaŵa zathu zenizeni. (Afilipi 4:6, 7) Chachitatu, mwa kusonkhana mokhazikika ndi okhulupirira anzathu. (Ahebri 10:24, 25) Chachinayi, mwa kumvera Mulungu m'zinthu zazing'ono, monga kubweza ndalama zimene wogulitsa watipatsa mopyola. (Luka 16:10) Nthaŵi iliyonse pamene tichita chabwino ndi kuona kuti Yehova sanatisiye, muzu wina umatsika. Makolo, kodi mukuthandiza ana anu kuchita zimenezi pamene ali pamthunzi wanu? Tsiku likudza pamene adzaima padzuŵa paokha.

12. Tchulani njira zinayi zozamitsira mizu yathu yauzimu.

Pamene Mwalefuka Kale

13 Mwinamwake mukuŵerenga nkhani ino muli kale pakati pa chilala chanu, ndipo nyonga yatha. Ngati zili choncho, talingalirani za Eliya. Atawopsezedwa ndi Mfumukazi Yezebeli, mneneri wolimba mtima ameneyu anathaŵira ku Beereseba, naloŵa m'chipululu ulendo wa tsiku limodzi. Anakhala pansi pa chitsamba cha mthunzi wochepa napempha kufa. Kodi Mulungu anamkalipira? Iyayi. Anamlola kugona, namtumizira mngelo ndi mkate ndi mtsuko wa madzi, kaŵiri konse. Pambuyo pake anamuuza kuti panali anthu 7,000 osagwadira Baala, nampatsa ntchito yatsopano ndi mnzake, Elisa. (1 Mafumu 19:1-21) Kulefuka sindiko kusakhulupirika. Ngakhale pemphero la Eliya la kutaya mtima linalunjikitsidwa kwa Yehova, ndipo Yehova analimva.

13. Kodi Mulungu anachita motani ndi Eliya wolefukayo?

14 Kaŵirikaŵiri mtsuko wa madzi umenewo umadza m'manja mwa mbale kapena mlongo. Yesaya anayerekezera atsogoleri olungama ndi mitsinje m'dziko louma ndi mthunzi wa thanthwe lalikulu. (Yesaya 32:1, 2) Abusa a mpingo ayenera kukhala otero, koma tonsefe tingatero. Kodi pali wamasiye amene waleka kuoneka pamisonkhano? Kodi pali banja limene nkhokwe yake yatha? Musayembekeze kuti akupempheni. Yesu anati ngakhale chikho cha madzi ozizira chopatsidwa kwa wophunzira wake sichidzaiŵalika.—Mateyu 10:42, Yakobo 2:15, 16.

14. Kodi tingakhale motani mthunzi kwa ena?

15 Yeremiya iyemwini anadzapulumutsidwa mwa njira yotero. Akalonga anamponya m'dzenje losungira madzi limene linalibe madzi koma thope, kuti afere momwemo. Ebedi-Meleki, Mkusi wotumikira m'nyumba ya mfumu, anaika moyo wake pachiswe, nalankhula ndi Zedekiya, namtulutsa mneneriyo ndi zingwe, ataika nsanza m'khwapa mwake kuti zingamcheke. (Yeremiya 38:6-13) Pamene mzinda unagwa, amuna aŵiriwo anapulumuka. Ndipo Yehova anatchula chifukwa chimene Ebedi-Meleki adzakhalira ndi moyo: anadalira Iye. (Yeremiya 39:11-18) Zedekiya, Yeremiya, ndi Ebedi-Meleki anali mumzinda umodzi, m'njala imodzi, pansi pa dzuŵa limodzi. Mmodzi anafota, aŵiri anakhalabe obiriŵira.

15. Kodi fanizo la zomera ziŵiri linakwaniritsidwa motani pakugwa kwa Yerusalemu?

16 Mulungu akulonjeza nthaŵi pamene anthu ake sadzamvanso njala kapena ludzu, pamene dzuŵa silidzawapsereza, ndipo Mwanawankhosa adzawatsogolera ku akasupe a moyo. (Chivumbulutso 7:16, 17) Kufikira nthaŵiyo, kutentha kudzadzabe, ndipo sitidziŵa tsiku lake. Chotero tiyeni tizamitse mizu yathu tsopano, mwa kuyandikira kwa Yehova kupyolera mwa Yesu Kristu, amene anaitana aludzu onse kudza kwa iye kudzamwa.—Yohane 7:37.

16. Kodi tiyenera kuchitanji pamene tikuyembekezera malonjezo a Mulungu?

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi nchifukwa ninji ziyeso sizili umboni wakuti Mulungu watitaya?

□ Kodi ndi "maenje ong'aluka" otani amene tiyenera kupeŵa kudalira?

□ Kodi nchifukwa ninji chikhulupiriro chiyenera kumangidwa chiyeso chisanafike?

□ Kodi tikuphunziranji kwa Eliya ndi Ebedi-Meleki?