Nyumba ikasanduka sukulu, katundu amasenza ndani?

Nkhani ya makolo amene amaphunzitsa ana awo kunyumba m'malo mowatumiza kusukulu ikangoyambika, sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Mwana ameneyo akumulakwira, adzakula mbuli." Ambiri amavomera msanga, chifukwa kwa ife amene tinadutsa m'kalasi, kuphunzira ndi kupita kusukulu ndi chinthu chimodzi. Tinkalawirira m'mamawa, kuthamangira belu, kuima pamzere, kuimba nyimbo ya fuko, ndipo mpaka lero tikamva za maphunziro timaona bolodi ndi choko. Ine mawu amenewa sindigwirizana nawo. Mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi akhoza kudziwa kuwerenga, kulemba ndi masamu ali pakhomo pa makolo ake, ndipo akhoza kudziwa bwino. Komabe sindili mbali imodzi ndi amene amatamanda maphunziro a kunyumba ngati kuti alibe vuto lililonse. Funso loti mwana adziwa kuwerenga kapena ayi ndi laling'ono. Lalikulu ndi loti tsiku la banja lotere limayenda bwanji kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa, ntchitoyo imagwera ndani, ndiponso ndi anthu angati a kunja kwa nyumba amene amamuona mwanayo pa mlungu.

Ku England ndi kumene nkhaniyi imaoneka bwino, chifukwa lamulo la kumeneko linatsegula khomo kalekale. Gawo 7 la lamulo la maphunziro la 1996 limaika udindo pa kholo: lionetsetse kuti mwana wa msinkhu wa sukulu akulandira maphunziro okwanira, oyenera zaka zake ndi nzeru zake, kaya popita kusukulu kapena mwa njira ina. Mfundo ya njira inayi inali kale m'lamulo la 1944. Kholo silifunsidwa satifiketi ya uphunzitsi, silikakamizidwa kutsata silabasi ya boma, ndipo palibe amene amalilembera maola oyambira ndi owerukira. Pofika 2024, boma linkawerenga ana oposa 100,000 ophunzira kunyumba, ndipo chiwerengerochi chinakwera kwambiri mliri wa Covid-19 utadutsa. Ku South Africa nakonso n'zololedwa kuyambira 1996, koma kumeneko kholo limayenera kulembetsa mwanayo ku ofesi ya maphunziro ya chigawo. Abale athu amene akulera ana ku Manchester kapena ku Johannesburg sakhala kutali ndi mabanja otere, ndipo ena mwa iwo funsoli limawafika pakhomo mwana akakwana zaka zoyamba sukulu. Choncho tikukamba za moyo wa mabanja ochuluka, wofunika kuuyang'ana mofatsa tisanauweruze.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti nthawi ya kope ndi pensulo imakhala yochepa kwambiri. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku England amene anatulutsa buku lake la Home Education mu 1886, ankalangiza kuti phunziro la mwana wamng'ono lizikhala lalifupi, la mphindi zosapitirira 20, ndipo maola ambiri a tsiku mwana azikhala panja. Mabanja ambiri amatsatabe malangizo amenewa, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya sitandade 1. Nthawi yambiri ya mphunzitsi imathera pa kuitana mayina, kugawa mabuku, kuletsa phokoso ndi kuchonga makope. Kwathu kuno, kumene kalasi imodzi imatha kukhala ndi ana oposa 100 chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, phunziro la theka la ola silipatsa mwana aliyense ngakhale theka la mphindi yakeyake. Patebulo la m'nyumba zinthu zimasiyana. Mayi amaona chala cha mwana chikuyenda pansi pa zilembo, amaona pamene chaima, amazindikira kuti akusokoneza b ndi d, n'kukonza pomwepo cholakwacho chisanazike mizu. Nyemba khumi zikaikidwa pamulu, zitatu n'kuchotsedwa, mwana amawerenga zotsalazo ndi zala zake, ndipo akayankha molakwa palibe anzake omuseka. Ola limodzi lotere limakwanira mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Nanga maola otsalawo? Apa m'pamene otamanda njirayi amalankhula mokoma, ndipo zambiri zimene amanena n'zoona. Mwana amene akuthandiza kuyeza ufa, kuwerenga chenji pogula mkaka, kusankha zovala zochapa kapena kuthirira mbewu akuphunzira, ndipo ife sitiyenera kudabwa nazo, popeza agogo athu ankaphunzitsa kulima, kusinja, kuluka ndi ulemu popanda kalasi, nthano ndi miyambi zikumamveka madzulo anthu atadya. John Holt, mphunzitsi wa ku America amene anayambitsa magazini ya Growing Without Schooling mu 1977, anafika ponena kuti mwana akasiyidwa kutsata chidwi chake amaphunzira yekha zimene akufunikira. Pamenepa ndimasiyana naye. Mwana amayamba kulankhula popanda womuphunzitsa, koma kuwerenga ndi luso lopangidwa ndi anthu, ndipo ana ambiri amafuna wina wowatsogolera liwu ndi liwu, tsiku ndi tsiku. M'Chichewa ntchitoyi imapepuka chifukwa maphatikizo amawerengedwa momwe alembedwera. M'Chingerezi chilembo chimodzi chimatha kumveka mosiyanasiyana, ndipo mwana amatenga nthawi yaitali kuti azolowere. Choncho ola lija, ngakhale ndi lalifupi, liyenera kuchitika Lolemba mpaka Lachisanu, mayi atatopa kapena asanatope, khanda likulira kapena litagona. Nyumba yopanda dongosolo siphunzitsa kuwerenga.

Chitsutso chimene chimamveka kawirikawiri n'chakuti mwana wophunzira kunyumba sadziwa kukhala ndi anzake. Dziko la Germany limachitenga mwamphamvu kotero kuti kuphunzitsa mwana kunyumba n'koletsedwa, ndipo mu 2006 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linavomereza maganizo a dzikolo oti sukulu imaphunzitsa ana kukhala pamodzi ndi anthu osiyana nawo, kuti m'dziko musamere timagulu todzipatula. Mfundoyi ili ndi nzeru. Kusukulu mwana amakhala pafupi ndi wa chipembedzo china, wa mtundu wina, wolemera ndi wosauka, amalandidwa pensulo, amakangana, amagwirizananso, ndipo zonsezi kholo silingamukonzere patebulo. Koma tisakokomeze. Ku England mabanja ophunzitsa kunyumba amasonkhana m'mapaki, m'malaibulale ndi m'maholo a matchalitchi, ana amapita kosambira ndi kumpira, ndipo ambiri amazolowera kucheza ndi akulu ndi ang'ono omwe. Sukulu nayo ili ndi ana ake osungulumwa, amene amaima okha pakona nthawi yopuma, ndipo makolo ena amachotsa mwana kusukulu chifukwa choti anzake amamuzunza kapena chifukwa choti sukuluyo yalephera kuthandiza mwana wa zosowa zapadera. Anzake a mwana akhoza kupezeka kunja kwa sukulu, kungoti pamafunika munthu wowafunafuna, wokonza tsiku, wolipira basi ndi woperekeza.

Munthu ameneyo ndiye amandisowetsa mtendere, ndipo ndikaganizira za iye maganizo anga amayamba kupendekera kwina. M'mabanja ochuluka amakhala mayi. Ndiye amasiya ntchito kapena kuchepetsa maola ake, pomwe lendi ndi magetsi sizichepa. Ku England boma silipereka ndalama kwa banja lophunzitsa kunyumba, mabuku amagula okha, ndipo mwana akakula malipiro a mayeso amatuluka m'thumba la makolo. Koma cholemera kuposa ndalama ndi kukhala anthu awiri m'thupi limodzi. Mwana wa kusukulu akakwiyitsidwa ndi aphunzitsi amathawira kwa amayi ake. Wa kunyumba akalephera kulemba dzina lake n'kuyamba kulira, amene wamuuza kuti afufute ayambirenso ndi yemweyo woyenera kumunyamula ndi kumupukuta misozi, kenako n'kukateleka mphika. Palibe belu lomuwerutsa mayiyu, ndipo usiku amagona akudzifunsa ngati mwana wake sakutsalira poyerekeza ndi a anzake. Bambo amene amanena monyadira kuti ife timaphunzitsa ana athu tokha, koma amachoka m'mawa n'kubwera kutada osatsegulako buku, wangomuwonjezera mkazi wake ntchito yachitatu. Tinazionako kwathu kuno mu 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi mpaka mu Seputembala. Maphunziro ankaulutsidwa pa wailesi, koma wailesi sigwira dzanja la mwana. Kumene kunali wamkulu wodziwa kuwerenga komanso wopeza mpata, mwana ankapitirira. Kumene mayi ankalawirira kumsika kapena kumunda, kope linkakhala m'chikwama. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo maphunziro a mwana ndi denga lolemera.

Palinso china chowawa kuposa kutopa kwa mayi. Sukulu, ngakhale yosauka, imakhala ndi maso. Mphunzitsi amaona mwana amene wabwera ndi chilonda, amene akuwodzera ndi njala, amene wasiya kuseka. Mu Ogasiti 2023, m'tauni ya Woking ku England, mtsikana wa zaka 10 anaphedwa m'nyumba ya kwawo. Miyezi ingapo m'mbuyomo aphunzitsi anali ataona mikwingwirima pankhope pake, ndipo posakhalitsa anachotsedwa kusukulu ponena kuti aziphunzira kunyumba. Bambo ake ndi mayi ake omupeza anapezeka olakwa pa mlandu wakupha mu Disembala 2024, ndipo mwezi womwewo boma linabweretsa ku nyumba ya malamulo bilu yofuna kuti makhonsolo azisunga kaundula wa ana onse amene sali pasukulu. Makolo ambiri ophunzitsa kunyumba anadandaula kuti akuwaika m'gulu limodzi ndi anthu ankhanza, ndipo dandaulo lawo ndimalimva, chifukwa unyinji wa iwo anasankha njirayi kaamba kokonda ana awo. Komabe lamulo limapangidwira mwana amene alibe womulankhulira. Kholo labwino likalembetsa mwana wake n'kulola wa boma kudzaona mmene akuphunzirira, limataya ola limodzi ndi kunyada pang'ono. Mwana wotsekeredwa akasowa womuona, akhoza kutaya moyo. Pa zinthu ziwirizi sindikayika kuti cholemera ndi chiti. Mwana ndi wa makolo ake, inde, koma alinso ndi ufulu wakewake, ndipo kwathu timadziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Wina anganene kuti ndayamba ndi kuteteza maphunziro a kunyumba, tsopano ndikuwamanga manja. Yankho langa n'lakuti chimene ndikuteteza ndi nyumba yotsegula zitseko. Banja limene likufuna kuphunzitsa mwana wamng'ono pakhomo lidzifunse mafunso osavuta lisanagule bolodi. Kodi ola la kuwerenga lili ndi nthawi yake yodziwika tsiku lililonse? Kodi bambo atenga mbali iti, masamu a madzulo kapena ulendo wa kulaibulale Loweruka? Kodi mayi ali ndi tsiku lopuma, ndipo akadwala alowa m'malo ndani? Kodi pali agogo, azakhali, anansi kapena banja lina lophunzitsa ana limene mwanayo amakumana nalo mlungu uliwonse, anthu oti akhoza kuona ngati china chake chalakwika n'kulankhula? Mayankho akakhalapo, mwana wa m'nyumba imeneyo sadzakula mbuli, ndipo zaka zake zoyamba zikhoza kukhala zodekha kuposa za ambiri a ife. Akasowa, kuli bwino mwanayo apite kusukulu yapafupi, ngakhale yodzaza, chifukwa kumeneko kuli anzake ndi akuluakulu ena omuyang'ana.

Mabanja ambiri a m'Malawi sangasankhe njirayi, ndipo sindikuwalimbikitsa kutero. Kumene makolo onse awiri amafunafuna chakudya cha tsikulo, mkombaphala ndi sukulu ya boma ndiye chithandizo chenicheni, ndipo nkhondo yathu ikhale yoti makalasi achepe ana ndi kuti aphunzitsi achuluke. Koma pali phunziro limodzi lochokera kwa mabanja ophunzitsa kunyumba limene aliyense angalitenge popanda kuchotsa mwana kusukulu. Iwo atisonyeza kuti mphindi zochepa za wamkulu mmodzi ndi mwana mmodzi zimachita ntchito imene kalasi yodzaza singachite. Ambiri a ife tinazolowera kuganiza kuti tikagula yunifolomu ndi makope udindo wathu watha, zotsalazo n'za aphunzitsi. Mwana wa sitandade 1 akaweruka, pakhale wina pakhomo, bambo kapena mayi, mkulu wake kapena malume, womukhazika pansi kwa mphindi 20 kuti awerenge mokweza zimene waphunzira. Ndipo ntchitoyo igawidwe, abambo atengeko masiku awo, chifukwa mwana amene amaona bambo ake atagwira buku amadziwa kuti kuwerenga ndi nkhani ya banja lonse.