Tchalitchi cha pa Chipyela

Musananyamule khasu, tiyeni tipite limodzi m'maganizo ku chilumba cha Likoma, moyang'anana ndi Cobue m'chigawo cha Niassa.

M'midzi ya ku England muli matchalitchi amiyala amene akhala zaka 700 kapena kuposa. Amishoni a ku England a bungwe la UMCA atafika pa Likoma, anabwera ndi mamangidwe omwewo. Mu 1903 ntchito yomanga tchalitchi chachikulu cha Petulo Woyera inayamba motsogozedwa ndi Frank George. Koma amene anaswa miyala, kusenza ndi kuyala zipupa anali anthu a pachilumbapo, abambo ndi amayi omwe.

Mukachiyang'ana kuchokera pamwamba, tchalitchichi chili ngati mtanda. Mukalowa, mupeza mipando ya oyimba yosemedwa pamwala wofewa, mawindo a magalasi amitundumitundu, ndiponso kamtanda kosemedwa ndi nthambi ya mtengo wa kwa Chitambo, pamene anakwirira mtima wa David Livingstone mu 1873.

Chondikhudza kwambiri ndi malowo. Pa Chipyela, pomwe pali tchalitchichi, ndi pamene kale ankaotcherapo anthu owaganizira ufiti. Pamene panamveka kulira, lero pamamveka nyimbo za kwaya.

Nafenso tili ndi matchalitchi athu a zidina ndi udzu, omangidwa ndi makolo. Mutu umodzi susenza denga. Mvula isanagwe, tiitanizane tikafolere pamene pakudontha, ndipo tifunse agogo mayina a amene anaumba njerwa zoyamba, tiwalembe m'buku. Mugwire bwino ntchito lero.