Thumba Silikumbukira

Paliponse pamene pali makina a bonanza, kaya ku Kanyama kaya ku Chawama, pamamveka mau amodzi: "Naluza maningi, manje ni nthawi yanga." Funso langa ndi ili: munthu akavutika nthawi yaitali, kodi mwai umakhala naye nkhongole?

Ikani zitsekero za mabotolo 10 m'thumba, cimodzi cofiira. Tengani cimodzi osayang'ana, mucione, mucibwezere. Mwai wotenga cofiira ndi 1 pa 10. Mukaphonya maulendo 9, ulendo wotsatira mwai ukadali 1 pa 10, pakuti m'thumba simunasinthe kanthu. Kucitenga kawiri motsatizana ndi 1/10 kuculukitsa ndi 1/10, ndiye 1 pa 100. Ndipo anthu 100 atayesa maulendo 10 aliyense, pafupifupi 35 angabwerere kwao osacigwirako. Palibe wawalodza.

Mu 1913, panyumba ya njuga ya ku Monte Carlo, kampira kanagwera pakuda maulendo 26 motsatizana. Anthu anathira ndalama zambiri pofiira, ati nthawi yake yakwana. Kampirako sikanali kuwerenga.

Tsono taonani cilimba. Amai 10 a pamsika alemba maina pa timapepala. Dzina likatuluka silibwereranso m'thumba. Woyamba amasankhidwa ndi mwai, koma 9 akalandira, wotsalayo alibe cokayika. Apa mau akuti "nthawi yanga yafika" ndi oona.

Ine ndiona kuti mtima wofuna cilungamo suli wolakwa. Wodikira ayeneradi kulandira. Colakwika ndi khomo limene tigogoda. Cilungamo cimafuna wokumbukira amene anadya dzulo ndi amene anagona ndi njala. Makina alibe cikumbukiro cotero, ndipo mwini wake anawakonza kuti pa nthawi yaitali azibweza zocepa kuposa zimene ameza.

Wina adzati: "Nanga uja anawina?" Inde anawina, ndipo komboni yonse inamva. Oluza sacita phwando, n'cifukwa cake sitiwawerenga. Wowinayo sanapose anzake khalidwe, woluzanso sanacimwe.

Mnzanga wosowa nchito, sindikuseka K20 imene uika pa bet. Ndidziwa kuti ugula ciyembekezo. Koma K20 yomweyo, mukaisonkha anthu 10 sabata iliyonse, ndi K200 imene aliyense adzaigwira pa sabata yake. Sikulemera, koma ili ndi tsiku. Funsa usanaponye dzanja: kodi m'thumba ili, cotuluka cimabwereramo?