Kodi Mpikisano wa Poker Ungakuphunzitseni Chiyani?

IVORY PARK, mudzi umene unakhazikitsidwa kuchiyambi kwa ma 1990 pafupi ndi Tembisa ndi Midrand, unali ndi anthu oposa 180,000 pakalembera wa 2011. Pakati pa okhala kumeneko pali Amalaŵi amene amatumiza ndalama kwawo mwezi ndi mwezi. Tinene kuti mmodzi wa iwo waitanidwa kumpikisano wa poker, juga ya makadi, kunyumba kwa mnansi. Akumuuza kuti oseŵera onse ngongophunzira ndi kuti maseŵerawo amaphunzitsa kudziletsa. Kodi ayenera kupita?

2 Choyamba, talingalirani kumene mphotho imachokera. Ngati amuna 40 alipira R100 aliyense, zonse zimakwana R4,000. Kaŵirikaŵiri, oŵerengeka okha otsala kumapeto ndiwo amagaŵana ndalamazo, enawo nabwerera chimanjamanja. Palibe chimene chalimidwa, kumangidwa, kapena kusokedwa. Wopambanayo wangotenga ndalama za lendi ndi za ufa za anansi ake. Komatu pa Aefeso 4:28 mtumwi Paulo analimbikitsa kugwira ntchito yabwino ndi manja kotero kuti munthu akhale nako kanthu kogaŵira wosoŵa.

3 Bwanji nanga za kudziletsa? Zoonadi, woseŵera waluso amaphunzira kubisa mantha ndi chimwemwe chomwe pankhope pake. Koma kodi cholinga chake nchotani? Nchakuti mnzake akhulupirire kuti makadi ofooka ngamphamvu, ndi kuti amphamvu ngofooka. Komabe, Aefeso 4:25 amatiuza kutaya bodza ndi kulankhula zoona kwa anansi athu. Kudziletsa kotchulidwa pa Agalatiya 5:22, 23 kumayendera limodzi ndi chikondi ndi chifundo, osati ndi chinyengo.

4 Ena anganene kuti juga njololedwa masiku ano. Nzoona kuti lamulo la South Africa la 1965 linaletsa pafupifupi juga yonse kusiyapo kubetcha pamipikisano ya akavalo, pamene kuli kwakuti la 1996 linalola nyumba za juga zokhala ndi laisensi. Malamulo a anthu amasintha. Koma chenjezo la pa 1 Timoteo 6:9, 10 silinasinthe: kufunitsitsa kulemera kuli msampha, ndipo kukonda ndalama kwadzetsera ambiri zoŵaŵa.

5 Chotero, musanakhale patebulopo, dzifunseni kuti: ‘Kodi ndalamazi akuziyembekezera ndani kumudzi? Ndikapambana, kodi ndi mwana wa yani amene adzagona ndi njala?’ Kusamalira a m’banja lathu ndi mbali ya chikhulupiriro chathu. (1 Timoteo 5:8) Mkristu amene akana chiitanocho mwaulemu wasonyeza kale kudziletsa kumene anamlonjeza, ndipo sanakugule ndi ndalama za ana ake.