Chilembo chiyambe chaima, ndiye uchiveke

Mdzukulu wanga, dzulo utandionetsa chikwangwani chimene ukukonzera mayi wa golosale uja, ndinakhala chete, ndipo ndinaona nkhope yako yagwa. Ntchito imene ine ndinkaigwira ndi choko, burashi ndi penti, nditakwera makwerero padzuwa, iwe ukuigwira utakhala pansi, ndipo zimenezo zikundisangalatsa kwambiri. Chimene chinanditseka pakamwa ndi katundu amene unasenzetsa mawu atatu okha: mthunzi, mzere wagolide m'mbali, mitundu isanu yolowerana, kenako n'kuwanenepetsa kuti aoneke ngati osema. Nditaima pakhomo n'kuyang'ananso, dzina la mayiyo sindinathe kuliwerenga. Iye akulipira kuti munthu wodutsa pa minibasi adziwe kuti apa pali shuga ndi sopo.

Uyambe wadziwa chimene chili m'manja mwako. Kaya ndi CorelDRAW ya mu 1989, Illustrator ya mu 1987, kapena Inkscape imene imapezeka ulere, zonsezi zimasunga chilembo ngati mzere wodutsa pa timfundo, ndipo kamfundo kalikonse kali ndi tizogwirira topindira mzerewo. N'chifukwa chake chilembo chimodzimodzicho chimakwana pa kakhadi ka m'thumba komanso m'mbali mwa lole osaphwanyika ngati chithunzi cha pafoni. Mizere yokhota imeneyi imatchedwa ndi dzina la Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya Renault ku France, amene ankaigwiritsa ntchito m'ma 1960 pokonza maonekedwe a matupi a galimoto. Ukamapinda chilembo S, uzikumbukira galimotoyo: dzanja likamasisita bodi yabwino silikumana ndi nundu. Timfundo tizikhala tochepa, ndipo uzitiika pamene mzere wafika pamwamba penipeni, pansi penipeni, ndi kumalekezero a kumanja ndi kumanzere. Ukangouza kompyuta kuti itsate yokha chithunzi chimene wajambula pa pepala, imamwaza timfundo mazanamazana, ndipo mpeni wa makina odulira sitika umanjenjemera pa kamodzi ndi kamodzi. Khala pansi utichotse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono pali nkhani ya mipata, ndipo apa ndiye ndikufuna umve bwino, chifukwa ndi pamene mmisiri amadziwikira. Lemba mawu akuti MALAWI m'zilembo zazikulu, uyang'ane. Pakati pa L ndi A patseguka bwalo, pakati pa A ndi W paoneka mpata wopendekeka, pomwe M ndi A zayandikana. Rula angakuuze kuti mipata yonse ndi yofanana, koma diso la wowerenga silinyamula rula. Amene anandiphunzitsa ine ankati ndiziganiza kuti ndikuthira mchenga pakati pa zilembo, ndipo mpata uliwonse uzilowa chikho chimodzi chokha. Sendeza chilembo chimodzichimodzi mpaka mchengawo ufanane. Uzionanso kuti O ndi S zimapitirira pang'ono mzere wa pamwamba ndi wa pansi. Amene anazipanga anachita dala, poti chinthu chozungulira chikalekezera pamzere penipeni chimaoneka chaching'ono pafupi ndi H kapena E. Achinyamata ambiri amazidula kuti zifanane, n'kumadabwa kuti mawu akutsimphina.

Ndipo chonde, usamakoke chilembo ngati legeni kuti chidzaze malo. Ukachikokera m'mbali, miyendo yake imanenepa, mizere yopingasa n'kutsala yowonda; ukachikokera m'mwamba, zimatembenuka. Malo akachepa, funa fonti yopangidwa kale yopyapyala.

Zokongoletsa sindikuziletsa ayi. Inenso ndinkakonda mthunzi, ndipo eni mabasi ankandifunira womwewo. Koma uziyamba ndi zakuda pa zoyera. Mawu akawerengeka opanda kanthu, pamenepo sankha chovala chimodzi, mwina ziwiri. Ukasankha mthunzi, dzuwa likhale limodzi: ngati likuchokera kumanzere chakumwamba, zilembo zonse zigwetse mthunzi kumanja chakumunsi, ndipo usiye kampata kakang'ono pakati pa chilembo ndi mthunzi wake kuti m'mphepete muoneke. Ukaika Contour, yang'ana m'mimba mwa a, e ndi o, chifukwa mzere wonenepa umatseka timabowo timeneti, e n'kusanduka o. Zilembo zolumikizana ngati zolemba pamanja uzizimata ndi Weld, apo ayi mpeni udzadula pamene zapingasana, ndipo mawu adzatuluka zidutswazidutswa. Usanayambe n'komwe, funsa kuti ntchitoyo ikukathera pati. Sitika yodula imabwera ndi mtundu umodzi, siidziwa mitundu yolowerana, ndipo pali munthu amene adzakhale ndi kansonga akutola zotsalira m'kati mwa zilembo zako. Buluu wowala wa pa sikirini amazilala akafika pa inki ya CMYK. Muonetse kasitomala pa pepala asanalipire.

Chinenero chathu chili ndi zakezake zimene wopanga fonti wa kutali sanaziganizire. Ng'oma timaimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire, ndipo chosiyanitsa ndi kachizindikiro kamodzi kamene mthunzi wonenepa ungakameze. Kapatse malo, kaoneke. Palinso ŵ wa kadenga, amene ena amamufunabe polemba Malaŵi. Mafonti ambiri okongoletsa alibe chilembo chimenechi, ngakhale kuti anthu a ku Wales nawonso amachigwiritsa ntchito. Chikasowa, jambula kadengako wekha, kunenepa kwake kugwirizane ndi miyendo ya w.

Pamene ndinkaphunzira kompyuta, imvi zili kale m'mutu, ndinatumiza ntchito ya chinsalu cha maliro kwa osindikiza ndisanasandutse mawu kukhala mizere. Makina awo analibe fonti yanga, ndipo dzina la malemu linatuluka ndi kabokosi pakati. Ndinakapepesa kwa anamfedwa maso ali pansi, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Choncho usanatumize, dina Ctrl+Q m'CorelDRAW, kapena Create Outlines mu Illustrator, koma usunge fayilo ina imene mawu ake angasinthidwe. Dzina la munthu uziliwerenga chilembo ndi chilembo, mwini wake ali pomwepo.

Mawa vula chikwangwani chija zonse, utsale ndi mawu akuda okha. Konza mipata, ubwezere mthunzi wokha, usindikize pa pepala, ulimate pa khoma la panja. Kenako uwoloke msewu pamodzi ndi agogo ako aakazi, uwapemphe awerenge mokweza. Loweruka ubwere nalo kuno, tidzaone limodzi pamene iwo anakakamira.